Mtanda Wofiira pa Bangula

Ine ndimapalasa kabaza pa Bangula.
Pampando wakumbuyo sipakhala munthu yekha,
pamakhalanso maganizo ake,
ena olemera kuposa thumba la mapira.

Sabata ino onse akwera ndi nkhani imodzi:
nyumba ya Dominga, mkazi wa malemu Zuwawo,
ija ya zipinda ziwiri, malata asanu ndi anayi,
m'mbali mwa msewu wafumbi wokwera kumtunda.
Lachiwiri a kukhonsolo adabwera ndi chitini cha penti
nalemba mtanda wofiira pakhoma loyang'ana kum'mawa.
Akuti idamangidwa popanda pulani.

Mphunzitsi Alufandika, nsapato zopolisha, adati:
Lamulo ndi lamulo, mphwanga.
Aliyense akamanga pomwe phazi lake latopera,
ambulansi idzadutsa pati?
Mapaipi adzayenda mumlengalenga?
Ndidavomera ndi mutu. Adalipira osanenerera.

Mayi wa milamba yowamba, dengu pamiyendo,
sadadikire n'komwe kuti tichoke pasiteji:
Pulani? Ruo adatenga pulani kwa ndani
usiku uja adalowa m'Makhanga osaodira?
Madzi adafika m'khosi mwa mbuzi, kenako mwa anthu.
Adatiuza okha pawailesi, samukani, kwerani kumtunda.
Takwera.
Lero akuti takwera molakwika.
Ndidavomeranso. Fungo la nsomba lidatsala pamalaya.

Mnyamata wa foni yosweka galasi
akuti chidindo chilipo, koma chili ndi njala,
umachidyetsa kaye kuti chitsikire papepala.
Bambo wina akuti khomalo lakhala pangalande penipeni,
mvula ya Januwale ikadzagwa
madzi adzakhotera kukhitchini kwake,
odzalira ndi ana ake, osati Dominga.
Ameneyu sindidamuyankhe.
Ngalandeyo ndimaidziwa, idandithyolera masipoko awiri.

Lachisanu adakwera mwini penti,
Jofilisi, kamnyamata kowonda,
m'zikhadabo mudakali mofiira.
Podutsa panyumbapo adayang'ana kumbali, kuminda ya thonje.
Ndidati, kwanu n'kuti? Adati, kwa Tengani.
Nanga nyumba ya amayi ako ili ndi pulani?
Tcheni chidalira katatu asanayankhe.
Adati, bambo adaijambula ndi chala chakuphazi pamchenga,
apa pogona, apa khomo,
mphepo n'kufufuta tisanathe kukumba maziko.
Potsika adaiwala chenji. Ndidamuthamangira.

Dominga yekha sanakwerepo njinga yanga.
Amayenda pansi, ndalama akusungira chitseko,
pakhomo padakali chiguduli.
Dzulo ndidamuona akuyanika mapira pabwalo,
ndipo pakati pa mtanda, pomwe mizere yakumana,
wakhomapo msomali,
wapachikapo lichero.

Mukafuna maganizo anga, ndikuuzani za njerwa.
Ndidaumba ndine, zikwi zitatu, mu Okutobala,
dothi likuwotcha kuphazi ngati chiwaya,
madzi ndikutunga ndi njinga yomweyi.
Za mazana awiri sanandilipirebe.
Nyumbayo ikagwa, ngongole yanga ikwiririka ndi khoma.
Ikaima, madzi akhotera kwa bambo uja,
amenenso ndimamunyamula m'mawa uliwonse
ndipo mwana wake wamng'ono amanditcha malume.

Ndiye ndimangopalasa.
Wakumbuyo akalankhula ndimati eya, eya, zoona,
maso ali pamchenga,
poti msewu wa kuno ukacheuka umagwa
pamodzi ndi amene wamunyamula.